Chakudya cha thandizo ndi bokosi lathu

Zikomo amayi a pampando, alembi ndi asungichuma a magulu onse, amayi aakulu amene munayambitsa mgwirizanowu, ndi inu nonse amene mwawoloka nyanja kapena kutsika phiri kuti tikumane kuno ku Mbamba Bay. Takulandirani ndi manja awiri. A ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, pepani ndi mafunde. A ku Cobue ndi ku Metangula, pepani ndi ulendo wautali. A ku Liuli, ku Lituhi ndi ku Chiwindi, inu ndinu eni mudzi anzathu, mutithandize kusamala alendowa.

Ife a komiti ya tsidya lino tinapemphedwa kuti tilankhule pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mgwirizano wathu. Titakhala pansi kuti tisankhe mutu, ena anati tikambe za masheya, ena anati tikambe za malonda a usipa. Koma mlembi wathu anatsegula mabuku a ngongole a zaka zapitazi n'kuyamba kutiwerengera mwezi ndi mwezi. Kuyambira Juni mpaka Novembala, zifukwa zimene timalemba potenga ngongole n'zosangalatsa kumva: mpamba wa usipa, malata, fizi ya ana, ukonde watsopano. Kufika Januwale ndi Febuluwale, m'buku mumalembedwabe kuti "bizinesi", koma tonse tikudziwa kuti ndalamayo inathera ku msika ndi ku chigayo. Ndipo ngongole zimene zimavuta kubweza, zimene zimachititsa kuti mayi ayambe kujomba misonkhano n'kumalambalala nyumba ya msungichuma, ndi zomwezo za miyezi ya njala. Ngongole ya malonda imabweza yokha. Ngongole ya nsima imathera m'mimba, chiwongoladzanja n'kumakulabe m'buku. Tinaona kuti tikafuna kuteteza bokosi lathu, tiyenera kukamba za chakudya mosabisa: kumene chimapezeka chotsika mtengo, kumene chimaperekedwa mwa thandizo, ndi zimene ife eni tingachite tisanafike popempha.

Tiyambe ndi pamene takhala. Boma lathu la Nyasa linapatulidwa ku Mbinga mu 2012, likulu lake n'kukhala kuno ku Mbamba Bay. Malo athu ndi kamzere kopapatiza pakati pa phiri ndi nyanja. Nthaka yambiri ndi yamchenga, choncho timadalira chinangwa, mpunga pang'ono m'madambo, ndi zimene nyanja yatipatsa. Chimanga ndi nyemba zambiri zimatsika kuchokera kumtunda kwa anzathu a Chimatengo, amene amalima m'maenje aja amawatcha ngoro. Chigawo cha Ruvuma chimawerengedwa pakati pa zigawo zimene zimadyetsa dziko lonse la Tanzania. Ndiye munthu angadabwe kuti njala imatipeza bwanji ife okhala m'munsi mwa nkhokwe. Yankho lake lili pa msewu. Msewu wa tala wa makilomita 66 wochokera ku Mbinga watifupikitsira ulendo, ndipo tikuthokoza. Koma misewu yabwino imabweretsanso ogula ochokera kutali, makamaka chaka chimene maiko oyandikana nafe sanakolole. Mu 2024 boma la Tanzania linagwirizana ndi la Zambia zogulitsa chimanga matani 650,000. Mlimi wa kumtunda akagulitsa pa mtengo wabwino timakondwera naye, koma mayi wa pagombe amene amagula chimanga cha lero lokha amamva kuwawa kwake.

Pali chinthu china chimene tonse timachidziwa koma sitichinena. Wosauka ndiye amagula modula. Amene ali ndi ndalama amagula gunia lathunthu mu Julayi, mtengo uli pansi. Amene alibe amagula sado imodzi mu Febuluwale, mtengo uli pamwamba, ndipo muyeso wake ndi wa wogulitsa. Anzathu a ku Malawi mumadziwa timapepala ta ufa tija mumatitcha walkman, tokwana mphika umodzi basi. Mukawerengera ndalama zimene mayi amawononga pa timapepala timeneti mwezi wonse, mupeza kuti akanagula ufa wochuluka kuposa umene wadya, akanakhala ndi ndalamazo pa tsiku limodzi. Mafuta ophikira a m'kachubu, shuga wa pa supuni, sopo wodula pakati, zonsezi zimayenda chimodzimodzi. Umphawi uli ndi msonkho wake, ndipo amene amaupereka tsiku ndi tsiku ndi amayi.

Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira kuti njala ya pagombe siyamba ndi chimanga chokha. M'zaka za m'ma 1980 tizilombo ta kodikodi tinagwira chinangwa m'mbali mwa nyanja ino, ndipo ku Nkhata Bay anthu amene sanazolowere kupempha anayamba kuima pamzere kulandira chimanga. Mu 2002 njala inapha anthu ku Malawi. Mu Malichi 2024, mtsogoleri wa dziko la Malawi pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo kafukufuku wa boma anapeza kuti anthu 5.7 miliyoni adzafunika thandizo la chakudya. Chaka chomwecho nyanja inadzaza kwambiri, madzi n'kulowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mphepete m'malo ambiri. Onjezani masiku a mwera, pamene mabwato amagona pamchenga, usipa osaoneka, ndalama osalowa. Palibe mmodzi wa ife amene anganene kuti kwake njala sidzafika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono makomo a thandizo alipo angapo, ndipo lililonse lili ndi kalowedwe kake. Ambiri a ife timataya nthawi ndi ndalama za ulendo chifukwa chogogoda pa khomo lolakwika.

Khomo loyamba ndi la chimanga cha boma chogulitsidwa motsika mtengo. Kuno ku Tanzania kuli bungwe la NFRA, limene linakhazikitsidwa mu 2008 kuti lizisunga chakudya cha dziko. Lili ndi nkhokwe zake ku Songea, ndipo limagula chimanga kwa alimi nthawi yokolola. Mitengo ikakwera kwambiri, boma limatha kulamula kuti chimanga china chitulutsidwe n'kukagulitsidwa m'makhonsolo amene avutika, pa mtengo wotsikirapo kusiyana ndi wa pa msika, monga zinachitikira cha kumapeto kwa 2022 ndi kumayambiriro kwa 2023. Chimenechi si chaulere, ndipo sichibwera chaka chilichonse kapena m'boma lililonse. Chimabwera pamene khonsolo yanena kuti kuli vuto, ndipo khonsolo imamva kuchokera m'midzi. Ku Malawi ntchito yofanana nayo imagwiridwa m'misika ya ADMARC, kumene chimanga chikapezeka chimagulitsidwa mwa muyeso kuti aliyense apezeko. Pa khomo limeneli amapindula ndi amene wamva msanga ndiponso ali ndi ndalama m'manja tsiku lomwelo. Apa ndi pamene gulu limaposa munthu mmodzi. Mmodzi akamva kwa mtendaji wa mudzi kapena kwa khansala, ena onse amva dzuwa lisanalowe, ndipo bokosi lingathe kubwereketsa ndalama mwamsanga kuti wina asabwerere chimanjamanja.

Khomo lachiwiri ndi la ndalama zothandizira mabanja osaukitsitsa. Kuno ndi TASAF, imene inayamba mu 2000, ndipo pambuyo pake inayamba kupereka ndalama kwa mabanja osankhidwa. Ku Malawi ndi Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006. Ku Mozambique ntchito yotere ili m'manja mwa INAS. Chimene tiyenera kumvetsa n'chakuti maina salembedwa tsiku lolandira. Amalembedwa kale, pa kalembera wa mabanja, ndipo amatsimikizidwa pa msonkhano wa mudzi. Mayi amene tsiku la msonkhano anapita kukayanika usipa, dzina lake likadumphidwa palibe womulankhulira. Tikudziwa kuti misonkhano ya mudzi imatalika ndipo ambiri olankhula ndi abambo. Komabe ndi pomwepo pamene pamadziwika kuti ndani adya ndipo ndani agona ndi njala. Gulu lililonse lizituma amayi awiri kapena atatu ku msonkhano uliwonse wa mudzi, atanyamula m'mutu maina a amasiye, okalamba olera zidzukulu, ndi odwala a m'dera lawo, kaya ndi mamembala athu kaya ayi.

Khomo lachitatu limatseguka pa nthawi ya ngozi, monga kusefukira kwa madzi, ng'amba kapena mphepo yosasula madenga. Ku Malawi nthambi ya boma ya DoDMA imagwira ntchito ndi mabungwe monga WFP ndi Red Cross, ndipo m'miyezi ya njala banja losankhidwa limalandira thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa mwezi kapena ndalama m'malo mwake. Ku Mozambique kuli INGD. Kuno nkhani za ngozi zimayambira ku boma la mudzi n'kukwera ku ofesi ya mkulu wa boma la Nyasa. Kulikonseko lamulo lake ndi limodzi: ngozi imene sinalembedwe imakhala ngati sinachitike. Munda ukamira, nyumba ikagwa, pitani mukanene sabata yomweyo, ndipo onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa monga lilili pa chiphaso. Amene ali ndi foni yojambula ajambulire mnzake madzi asanaphwe. Tisadikire kumva kuti galimoto yafika ndiye n'kumathamanga, chifukwa galimoto imabwera ndi maina ake kale.

Khomo lachinayi ndi limene lili pafupi kwambiri nafe, la mipingo ndi mizikiti. Akatolika ali ndi Caritas, imene ku Malawi imadziwika kuti CADECOM, ndipo m'maparishi ena muli timagulu toyendera osauka. A Anglican, amene mbiri yawo pa nyanja ino ndi yakale kuchokera ku Likoma mpaka ku Liuli, ali ndi amayi a Mothers' Union amene amadziwa khomo lililonse lodwala. Abale athu achisilamu ali ndi zaka ndi sadaka, ndipo m'mwezi wa Ramadan chakudya chimagawidwa kwa osowa. Thandizo la pa khomo limeneli kawirikawiri ndi lochepa: ndowa ya ufa, nyemba pang'ono, sopo, mchere. Ubwino wake ndi woti limafika msanga ndipo silidikira kalembera. Koma nalonso limadalira kuti wina anene. Wansembe kapena shehe sangalote kuti kwa mayi uje moto sunayake masiku awiri.

Tsopano tifike pa nkhani imene ikukhudza mgwirizano wathu kuposa magulu ena onse. Thandizo la boma limayenda ndi malire, pamene maukwati athu ndi malonda athu sayenda ndi malire. Kuno amafunsa nambala ya NIDA. Ku Malawi amafunsa chiphaso cha unzika chimene chinayamba kuperekedwa mu 2017. Nanga mayi wobadwira tsidya lina, wokwatiwa tsidya lino, amene wakhala zaka zambiri osakonza mapepala? Tili naye mmodzi m'gulu lina la kumwera kuno, ndipo watilola kuti tinene nkhani yake popanda dzina. Mwamuna wake ali moyo, dzina la banja linali la mwamunayo, ndipo zonse zinkayenda. Mwamuna atamwalira, madzi n'kumiza chinangwa chake, anapita kukalembetsa ndipo anauzidwa kuti iye ndi mlendo. Anakwera bwato kupita kwawo, kumeneko anamuuza kuti anachoka kalekale ndipo m'kaundula wa mudzi mulibe dzina lake. Anabwerera ndi ngongole ya ulendo pamwamba pa njala. Amene anamudyetsa miyezi iwiri ndi amayi a gulu lake, aliyense kapu ya ufa pa msonkhano. Lero akubweza ngongole zake bwinobwino ndipo wakhala pakati panu.

Phunziro lake ndi lowawa koma ndi losavuta kumva. Mapepala akonzedwe nthawi ya mtendere. Mayi aliyense wokwatiwa kutsidya apite ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka akafunse chimene lamulo likufuna kwa iye, mwamuna wake akali moyo ndiponso angathe kumuperekeza. Ana akhale ndi zikalata za kubadwa. Ukwati ulembedwe. Tikupempha alembi a magulu onse kuti pa msonkhano woyamba mukabwerera mufunse membala aliyense mwakachetechete ngati ali ndi chiphaso cha dziko limene akukhala, ndipo amene alibe mumuthandize ndalama ya ulendo kuchokera m'thumba la zadzidzidzi. Safunsa anadya phula.

Chotchinga china ndi manyazi. Ife amayi a m'magulu timadziwika m'midzi kuti ndife odzidalira. Timavala nsalu zofanana, timagawana ndalama kumapeto kwa chaka anthu akuona. Ndiye zimavuta kuti mayi yemweyo akaime pamzere wa chimanga cha thandizo. Tinaona mnzathu wina akugulitsa poto ndi matiresi, kenako n'kukatenga katapila, kuopa kuti anthu anena kuti wa banki m'khonde wagwa. Titadziwa, katapilayo anali atameza kale mpamba wake wonse wa usipa. Amayi, kulandira thandizo pa nthawi ya vuto si kuba. Chimanga cha boma chinagulidwa ndi misonkho imene ifenso timapereka pa msika ndi pa doko. Cha mpingo chinachokera m'mbale ya chopereka imene ifenso timaponyamo. Chaka chino walandira ndiwe, chaka chamawa upereka ndiwe. Kupatsa n'kuika.

Mbali inayo nayo tiinene. Amene nkhokwe yake ili ndi kanthu asalembetse dzina pofuna kukagulitsa. Chimanga cha thandizo n'chowerengeka, ndipo thumba limene watenga wosavutika lachotsedwa pakamwa pa mwana wamasiye. Komanso tisayerekeze kukweza m'bwato chakudya cholembedwa kuti n'chosagulitsa kuti tikachigulitse kutsidya. Ukagwidwa ndi mlandu, ndipo dzina limene lidzaipe ndi la mgwirizano wonse, ife amene timadalira kuti a pa doko azitikhulupirira tikamawoloka ndi katundu wathu wovomerezeka.

Pali nkhani ina imene imanong'onedwa kumadzi koma pa msonkhano sitiitchula. Pamene pali njala ndi mndandanda wa maina, pamapezeka munthu wofuna kudyerapo. Wina amati umupatse kangachepe kuti dzina lako lilowe. Wina amati mugawane thumba. Wina amauza mayi kapena mtsikana kuti abwere madzulo akambirane. Ife a pagombe khalidwe limeneli timalidziwa kale, chifukwa ndi lomwe lija limachitika pogula nsomba usipa ukasowa. Dziwani kuti kulembetsa thandizo la chakudya n'kwaulere, ndipo mabungwe onse amene tawatchula amaletsa ogwira ntchito awo ndi owathandiza kupempha ndalama kapena thupi la munthu. Zikakuchitikirani musapite nokha kukadandaula. Uzani amayi a pampando a gulu lanu, mupite atatu kapena anayi kwa wamkulu wa bungwelo, ku ofesi ya zachitukuko cha anthu, kapena ku polisi kumene kuli desiki yoona nkhani za amayi ndi ana. Mayi mmodzi amaopsezedwa mosavuta, koma gulu lonse likafika pakhomo nkhani imamveka. Ndipo ana athu aakazi tisawatume okha kukalandira chakudya kutali.

Makomo onsewa ndi a eni ake. Amatseguka pa nthawi yawo, ndipo chaka china satseguka n'komwe. Khomo limene kiyi wake tili naye ndi bokosi lathu lomwe. Njira yosunga ndi kubwereketsana imene tikutsatirayi, imene kuno timati vikoba ndipo kutsidya mumati banki m'khonde, inayamba ndi amayi a ku Niger mu 1991 mothandizidwa ndi bungwe la CARE. Niger ndi dziko la chilala kuposa kwathu kuno. Amayi amenewo anadziwa kuti ndalama yochepa yosonkhedwa mokhulupirika imaimika banja pa nthawi yovuta. Ife tinatengera za masheya ndi ngongole, koma za chakudya tinazisiya kuti aliyense adzionere yekha.

Magulu angapo a tsidya lino anayesa kugula chimanga pamodzi, ndipo tikuuzani zonse, zabwino ndi zoipa. Ulendo woyamba tinalakwitsa zinthu zitatu. Tinachedwa, chifukwa tinadikira kugawana kwa kumapeto kwa chaka, pamene mtengo unali utakwera kale. Tinagula chimanga chosauma bwino chifukwa chinali chotsika mtengo, ndipo china chinachita chuku. Chotsalacho tinachiika m'matumba wamba m'nyumba ya membala mmodzi, anankafumbwe n'kuchisandutsa ufa tisanafike Januwale. Panali kulozana zala, ndipo mayi amene anasunga chimangacho analira pa msonkhano ngakhale kuti kulakwa sikunali kwake. Tikanatha kusiyira pomwepo. Amayi aakulu anatikhazika pansi n'kunena kuti talipira sukulu, tsopano tiphunzire.

Ulendo wachiwiri tinasintha. Tinayamba kusonkha ndalama ya chakudya padera kuyambira nthawi imene usipa ukugwidwa bwino, osaisakaniza ndi masheya kapena thumba la maliro. Tinatuma amayi atatu kumtunda mwezi wa Julayi, atanyamula sikelo yathu, kuti akagule kwa alimi eni ake. Chimanga ankachiluma kaye kuti amve ngati chauma, ndipo pokayika ankaika njere m'botolo louma pamodzi ndi mchere n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimanga chikadali ndi chinyezi. Tinagula matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati, amene ukawamanga bwino mpweya sulowa ndipo tizilombo timafa popanda mankhwala. Matumbawo tinawasanjika pa mitengo, osagunda pansi kapena khoma, ndipo chitseko chinali ndi maloko atatu monga bokosi lathu, makiyi kwa amayi atatu osiyana. Kufika Januwale tinatsegula n'kuyamba kugulitsana tokhatokha pa mtengo umene tinagulira, kuonjezapo za galimoto, za matumba, ndi kapindu kochepa kobwerera m'thumba. Membala amene analibe ndalama anatenga pa ngongole yopanda chiwongoladzanja n'kubweza usipa utayamba. Pa madebe khumi alionse tinapatula limodzi la okalamba ndi amasiye a m'mudzi amene sali m'gulu. Chaka chimenecho mlembi sanalembe ngongole zambiri zabodza za "bizinesi".

Chinanso chimene tinaphunzira n'chakuti usipa wathu ndi ndalama. Anthu a kumtunda amafuna dagaa wa pa nyanja ino monga momwe ife timafunira nyemba zawo. Gulu la amayi a pagombe likagwirizana ndi gulu la amayi a kumapiri, angathe kusinthana usipa wouma bwino ndi chimanga kapena nyemba popanda munthu wapakati. Chofunika ndi kugwirizana muyeso poyera ndi kulemba. Ndiponso tisanyoze chinangwa chathu. Kondowole ndi amene anatilera, ndipo makaka ouma bwino amadikira njala osadandaula. Chigwada, nsomba ndi mtedza pang'ono zimamanga thupi la mwana kuposa nsima yoyera yodyera mchere.

Kwa magulu a kuno, lamulo la 2018 loyendetsa mabungwe a ngongole zing'onozing'ono limafuna kuti magulu ngati athu alembetsedwe ku khonsolo. Gulu lolembetsedwa lingathenso kupempha ngongole zija zopanda chiwongoladzanja zochokera pa 10 peresenti ya ndalama zimene khonsolo imatolera, pamene 4 peresenti ndi ya amayi, 4 ya achinyamata ndipo 2 ya anthu olumala. Ngongole zimenezi ndi za ntchito yopindulitsa ndipo zimabwezedwa. Gulu loganiza zogula ndi kusunga mbewu ngati malonda likafunse kwa mlangizi wa zachitukuko wa m'dera lawo lisanalembe pempho.

Ena mwafunsa ngati magulu a ku Malawi ndi ku Mozambique angamagule nawo chimanga cha ku Ruvuma kudzera mwa ife. N'zotheka, koma tiyende maso ali patsogolo. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali ndi ngongole ya mashilingi anadzuka ngongole itakula osatenga kanthu kena. Mu Malichi 2025 dziko la Malawi linaletsa kulowetsa katundu wina monga ufa, mpunga ndi nthochi, ndipo mu Epulo Tanzania inabwezera poletsa zokolola za ku Malawi. Chiletso cha Tanzania chinachotsedwa patangopita masiku ochepa, koma amayi ochita malonda ku chipata cha Songwe ndi ku Karonga anaona katundu wawo akuwonongeka. Choncho tikagulirana, mtengo ugwirizanidwe ndi kulipidwa tsiku limodzi m'ndalama imodzi, katundu adutse pa doko ndi mapepala ake, ndipo gulu lisaike ndalama zake zonse za chakudya pa ulendo umodzi wa pa nyanja. Doko latsopano la kuno lidzachulukitsa malonda ndi Nkhata Bay. Tikonzekere kuti lidzatipeze tili ndi magulu olembetsedwa ndi mabuku oyera.

Pomaliza, tikuika pamaso panu zinthu zimene tikupempha kuti msonkhano uno uvomereze, ndipo zilembedwe m'kabuku kano kuti chaka chamawa tidzafunsane. Gulu lililonse likhale ndi thumba la chakudya losiyana ndi masheya. Gulu lililonse lisankhe mayi mmodzi wodziwa makomo a thandizo a m'dera lake, amene azimva za misonkhano ya mudzi, za kalembera ndi za chimanga chotsika mtengo, n'kumauza anzake. Alembi afufuze za ziphaso za mamembala okwatiwa kutsidya mvula isanayambe. Ndipo m'buku la ngongole tiwonjezere mawu amodzi ololedwa, akuti "chakudya", kuti mayi amene ana ake agona ndi njala asamanamenso kuti akufuna mpamba. Akanena zoona, gulu lidzadziwa momuthandizira: kumubwereka debe la chimanga, kumuperekeza kwa mtendaji kapena kwa amfumu, kapena kumutchula ku mpingo.

Amayi aakulu amene munayamba ndi bokosi limodzi pansi pa mtengo wa mango, tikukuthokozani. Munatiphunzitsa kuwerenga ndalama pagulu, mokweza mawu, aliyense akuona. Tikupempha kuti njala ya m'nyumba zathu nayo tiziiwerenga chimodzimodzi. Alendo athu, nsima yakonzedwa, ya chimanga ndi ya chinangwa yomwe, ndipo usipa ndi wa m'mawa uno. Amene mukuwoloka mawa, Mulungu akutsogolereni pa madzi, mukapereke moni kwa amayi onse amene atsala kunyumba.